Mgolo wa Madeya ndi Kompyuta ya Che Amidu

Tereza ndi Yohane, ana anga, za ubwana wanga ndazidumpha dala. Ndani angafune kuwerenga za kuweta mbuzi ndi kuzula matekenya? Ndiyambira pa tsiku limene ndinavala ovolosi yoyamba, chifukwa bambo amene mukuwadziwawa anayambira pamenepo.

Chaka chimene ndinalembedwa ntchito

Tinalembedwa tsiku limodzi anthu awiri, ine ndi Amidu wa ku Njuli. Kampaniyo inali ya munthu, osati ya boma, kachigayo kopanga chakudya cha ng'ombe za mkaka cha kufupi ndi Mikolongwe. Dzina lake mukulidziwa, sindilitchula pano. Tonse tinalekezera Fomu 2, tonse nsapato zoseka, ndipo masana oyamba tinagawana chinangwa chimodzi chootcha kuseri kwa shedi. Iye Myao wa Chisilamu, ine Mlomwe wa Katolika, koma tinkaitanana achimwene ngati obadwa bere limodzi.

Mtima wa kampaniyo unali mgolo. Musaganize mgolo wotungira madzi ayi. Chinali chimgolo chachitsulo chachitali ngati ngolo, chogonekedwa chammbali, ndipo injini inkachizunguza ndi lamba. Tinkathiramo madeya, soya wogaya, keke ya thonje (zotsala za njere zake akafinya mafuta), mchere ndi laimu pang'ono, n'kutseka kachitseko, n'kuzunguza mpaka zonse zisakanikirane, kenako n'kutsanulira m'matumba. Mwini kampani, amene tinkangowatchula kuti a bwana akulu, anatiyang'ana awirife ngati akugula mbuzi. Amidu anamuika pa sikelo chifukwa ankawerengera msanga. Ine anandiika pa mgolo chifukwa cha mapewa anga, basi.

M'shedimo wotchi sinkakhalitsa, fumbi linkaipha. Ndiye ndinadzipezera wotchi yangayanga. Ndikangoyatsa injini, ndinkatulutsa kolona m'thumba n'kuyamba kupemphera, ndipo ndikamaliza zigawo zonse zisanu, ndinkazimitsa. Nthawi yake inkakwana mphindi makumi awiri kapena kupitirirapo pang'ono. A bwana akulu atandipeza koyamba milomo ikugwedera anaseka mpaka kutsokomola. "Mukhwapa," anatero, "iwe ukugulitsa chakudya chodalitsidwa, ng'ombe zako zidzalowa kumwamba!" Mbiri inafika mpaka ku Milepa. Alimi ankabwera ndi njinga zawo n'kunena kuti akufuna chakudya cha a Mukhwapa, osatchula n'komwe dzina la kampani. Ndisabise, ndinkanyada nazo kwambiri.

Chaka chimene unabadwa iwe Tereza

Chaka chimenecho a bwana akulu anati akufuna kutumiza munthu mmodzi ku Blantyre kukaphunzira za makina. Ine ndinachapiratu shati. Anatiitana tonse awiri mu ofesi n'kunena kuti, "Apita ndi Amidu. Iwe Mukhwapa, mgolo sungakhale popanda iwe." Mwaona kutamandidwa kwakeko? Anandimangirira pachikhomo ngati mbuzi, ine n'kumathokoza. Ndinatuluka ndikumwetulira, ndinamugwira chanza Amidu, ndipo nditafika kunyumba sindinadye. Amayi anu ankaganiza kuti ndi malungo.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kumuwerengera mnzangayo chilichonse. Atabwerako ndi pepala loyamba anamupatsa kaofesi kachitseko, ndipo anthu anayamba kumutchula Che Amidu, mwaulemu. Atabwerako ndi pepala lachiwiri anagula njinga yamoto. Ankafika mmawa shati yoyera mbee, cholembera m'thumba, n'kuweruka madzulo shati ikadali yoyera, pamene ine ndinkatuluka m'shedi nditayera madeya mpaka m'nsidze. Ndinkadziwa tsiku limene wasintha nsapato. Ndinkadziwa kuti nyumba yake wafolera malata angati. Chondipweteka kwambiri n'chakuti sanandilakwirepo kanthu. Akanakhala wodzikuza, bwenzi ndili ndi pogwira. Koma ayi, mmawa uliwonse ankalowa m'shedi, fumbi lonselo, n'kudzandipatsa moni, "Achimwene, mwadzuka bwanji? Alamu ali bwanji?" Iwe Yohane utadwala chikuku, anakunyamula ndi iyeyo pa njinga yamoto ija kupita nawe kuchipatala. Ndinamuthokoza, koma mumtima ndinati, onani, akundionetsa kuti ali ndi njinga. Nsanje, ana anga, imakuipitsira ngakhale zabwino zimene munthu wakuchitira.

Ndinkadzitonthoza ndi chinthu chimodzi. Mapepala angachuluke bwanji, mgolo unali wanga. Mu ofesi ankalamula iye, m'shedi ndinkalamula ine.

Chaka chimene soya anasowa

Panapita zaka zambiri, imvi zinayamba. A bwana akulu anamwalira, kampani n'kugwera mwana wawo, amene tinkawatchula a bwana ang'ono. Anali munthu wothamanga magazi, foni ili kukhutu nthawi zonse. Chaka chimenecho mvula inavuta, soya anasowa, keke ya thonje nayonso osaoneka. Tinkakhala masiku atatu mgolo uli duu, alimi akubwerera ndi njinga zopanda katundu, mkaka ukuchepa m'makola. Nthawi imeneyo Che Amidu anali atabwereranso kusukulu, munthu wamkulumkulu ndithu, ndipo ankayenda ndi kompyuta ya m'chikwama.

Tsiku lina anatiitana mu ofesi, ine ndi a bwana ang'ono. Anati pali njira yopulumukira: kuthira yuriya pang'ono m'chakudyacho, feteleza yemweyu wa m'munda. Anati mimba ya ng'ombe imatha kumusandutsa chakudya ngati ali wochepa ndiponso wamwazikana bwino m'thumba lonse. "Koma akaunjikana malo amodzi," anatero, "ng'ombe imafa pasanathe ola. Ndiye nkhani yonse yagona pa mgolo. Achimwene, tasenderani muone."

Anatembenuza kompyuta ija. Aaa! Ndinaona mgolo wanga. Mgolo wanga weniweni, utali wake, kachitseko kake, koma wooneka mkati ngati botolo. Munali timipira tambirimbiri, tachikasu tokulirapo ndi tofiira ting'onoting'ono. Anati tachikasu ndi madeya, tofiira ndi yuriya ndi mchere. Anadina, mgolowo n'kuyamba kuzungulira, timipira tija tikukwera m'mbali n'kumagumukira pansi, ndendende mmene madeya amachitira. Poyamba mitundu iwiriyo inasakanikirana bwinobwino. Koma mgolo utapitiriza kuzungulira, tofiira tija tinayamba kuzembera pakati, kenako n'kudzisonkhanitsa m'mizere ngati mphete. Kwina kunali kofiira psuu, kwina kopanda n'kamodzi komwe.

"Mwaona?" anatero Che Amidu. "Kuzunguza kwambiri sikusakaniza, n'kulekanitsa. Zili ngati alamu akamapeta mpunga m'lichero, akamagwedeza nthawi yaitali timiyala timapita patokha. Ndayesa kambirimbiri mu kompyutamu, ndatapanso m'matumba athu kukapimitsa kusukulu. Mgolo uzidzaza theka lokha, ndipo uzizungulira mphindi zisanu basi."

Ndinati, "Mphindi zisanu? Chigawo chimodzi cha kolona? Zaka zonsezi ng'ombe yafapo ndi chakudya changa?"

"Ayi, achimwene, sinafepo. Mchere ukaunjikana ng'ombe imangomwa madzi ambiri. Yuriya ndi nkhani ina."

"Ndiye mukuti zaka zonsezi ndakhala ndikulakwitsa?"

Anayankha a bwana ang'ono, maso ali pa kompyuta: "A Mukhwapa, tsobola wakale sawawa. Tsatirani zimene akunena Che Amidu."

Mawu amenewo anandilowa ngati minga. Za lichero zija ndinazimva bwino lomwe, ndinakula ndikuona amayi anga akupeta. Pansi pa mtima ndinkadziwa kuti Che Amidu akunena zoona. Koma sindinkaona zoonazo, ndinkaona kuba. Anatenga sukulu, ndinamusiya. Anatenga ofesi, ndinamusiya. Tsopano watenganso mgolo wanga n'kuuika m'chikwama chake, kumapita nawo kwawo ku Njuli madzulo! Mawa lake anakhoma pepala la malamulo atsopanowo pakhoma la shedi, anagula kawotchi kolira n'kukakulunga mu pulasitiki, ndipo anandipatsa fomu yoti ndizilembapo mphindi za ulendo uliwonse n'kusayina. Anyamata onyamula matumba anayamba kundiseka kuti a Mukhwapa masiku ano akupemphera mwachidule.

Kwa milungu itatu ndinatsatira, nkhope ili ndwii. Chakudya chinkapita, ng'ombe zinkadya, mkaka unabwerera. Alimi anayamba kunena kuti akufuna chakudya cha kompyuta.

Lachisanu la mlungu wachinayi

Lachisanu lililonse chakumasana Che Amidu ankakwera njinga kupita ku mzikiti. Tsiku limenelo kunali oda yaikulu ya gulu la alimi a ku Milepa, ndipo magetsi anali atachedwa kuyaka. Nditamva njinga ikutuluka pageti, ndinauza anyamata kuti adzaze mgolo mpaka kukamwa, ngati kale. Mmodzi analoza pepala pakhoma. Ndinamukalipira kuti, "Iwe, mgolo uwu unauona liti? Thira!" Kenako ndinawatuma kukadya. Ndinayatsa injini, ndinaika kawotchi kaja m'thumba la madeya kuti kalirire momwemo, n'kutulutsa kolona. Ndinapemphera zigawo zonse zisanu, pang'onopang'ono, mosathamanga. Musandifunse kuti Mulungu ankamva zotani. Sindinkafuna kupha ng'ombe ya munthu, ndikulumbira. Ndinkafuna kuti Lolemba ndidzaime pakhomo pa ofesi n'kunena kuti, "Chija mwagulitsa Lachisanu ndi cha kolona, ndipo palibe ng'ombe yatsokomola." Pa fomu ndinalemba mphindi zisanu, n'kusayina dzina langa.

Lamlungu tikutuluka m'tchalitchi, uthenga unafika kuti ku Milepa kwafa ng'ombe zitatu, m'makola atatu osiyana. Zinadya mmawa, zinafufuma mimba, thovu kukamwa, n'kugwa. Ndinakwera kabaza kupita komweko. Khola loyamba linali la mayi wina wamasiye, a Nasiwelo, amene ankagula kwa ife kuyambira kalekale. Ng'ombe yawo inali imodzi yokhayo, ndipo inali ndi bere. Ndinawapeza atakhala pansi m'matope a m'kholamo, mutu wa ng'ombeyo uli pamiyendo pawo, akuingitsa ntchentche. Atandiona anati, "A Mukhwapa, pamene munkasakaniza inu ndi pemphero zoterezi kunalibe. Atiphera ndi makina awo." Ine ndinangoti pepani, mayi.

Lolemba kampani inawira. Alimi anadzaza pageti, a bwana ang'ono anatseka shedi n'kuitanitsa matumba onse a Lachisanu. Kenako anandikokera pambali. "Mdala," anatero, "ndinakunyozani. Lachinayi kuli msonkhano ndi akomiti a alimi. Amidu achoka, ndipo inu mukhala kapitawo wa zonse. Ofesi ija ndi yanu."

Ndikuuzeni zoona, popeza ndi chifukwa chake ndagwira cholembera: ndinakondwa. Ng'ombe ya a Nasiwelo ili m'maso mwanga chomwecho, ndinakondwa. Ndinadutsa pa ofesi ija kawiri, kuyang'ana mpando. Ndinaganiza zogula shati yoyera. Anyamata aja sakanandiulula, ankandiopa, komanso iwo sanaone kuti mgolo unazungulira nthawi yaitali bwanji. Amayi anu okha ndi amene anandiyang'ana mokayika pamene ndinkawauza za ukapitawo. Anafunsa kuti, "Nanga bwanji kolona wanu simunamugwire chibwerere ku Milepa?" Ndinati ndatopa.

Lachinayi la msonkhano

Tinakhala m'shedi momwemo, pa matumba, mgolo uli kumbuyo kwathu. Kunali a bwana ang'ono, akomiti anayi, a Nasiwelo, ine ndi Che Amidu. Munthuyo anali atatha m'masiku anayi okha. Shati inali yomweyo ya Lolemba. A wapampando wa alimi analankhula nthawi yaitali, n'kumaliza ndi kuti sakufunanso kuona munthu wa kompyutayo pakampanipo, apo ayi asiya kugula. A bwana ang'ono anatulutsa fomu yanga n'kuikweza m'mwamba. "Umboni ndi uwu. A Mukhwapa anatsatira zonse, mphindi zisanu, asayina apa. Ndiye cholakwika chili m'njira yanuyo, Che Amidu. Muli ndi mawu?"

Ine ndinali nditakonzeka. Ndinkadziwa kuti andiloza chala, ndipo ndinali ndi mayankho okwana. Ndinkafuna ndithu kuti andiloze, kuti tikangane, kuti kamodzi kokha ndimuone akuchita zonyansa ngati munthu wina aliyense.

Che Amidu anaimirira, n'kuyang'ana fomuyo nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndabwereza mu kompyuta kosawerengeka kuyambira Lolemba. Pa mphindi zisanu sindikupeza mmene yuriya angaunjikirane chonchi. Koma a Mukhwapa ndawadziwa kuyambira tili anyamata, ndipo sanandinamizepo. Ngati alemba zisanu, ndi zisanu. Kompyuta ndinaiuza ndine zochita, ndiye pali chimene ndinaphonya. Mayi Nasiwelo, ndikhululukireni. Njinga yanga ndigulitsa, muyambirepo kupeza ina."

Ha! Magazi anandithamangira kumutu. Anthu akamva nkhaniyi amaganiza kuti chisoni chinandigwira, kapena Mzimu Woyera unanditsikira. Ayi ndithu. Inali nsanje yomwe ija. Munthu ameneyu anandiposa pa sukulu, anandiposa pa ofesi, anandiposa pa mgolo wanga womwe, ndipo tsopano, akugwa chagada pamaso pa anthu, akundiposanso pa umunthu! Iye achoke ali woyera, ine nditsale pampando wake ndikununkha? Zimenezo ndiye sindikanatha kuzipirira. Ndinangopezeka ndaimirira.

"Khalani pansi, achimwene," ndinatero. "Musadzikometsere ndi mlandu wa eni. Mgolo ndinadzaza mpaka kukamwa ndine. Ndinazunguza kolona wathunthu ndine. Fomuyo ndi bodza."

A bwana ang'ono anatsitsa fomu ija pang'onopang'ono. A Nasiwelo anandiyang'ana, maso ali gwa, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Ndiye tsiku lija m'khola munkadziwa?" Ndinati eya, mayi. Anatembenukira kukhoma, ndipo kuyambira tsiku limenelo mpaka kumwalira kwawo sanandiyankhenso moni.

A bwana ang'ono ankafuna kundichotsa pompo, enanso ankatchula za polisi. Amene anandipempherera kuti ndisachotsedwe mukumudziwa kale. Anati munthu wa zaka zonsezi sangatayidwe ngati chiguduli, ndipo ana ake ali pasukulu. Ndinamva mawu amenewo ndili chiimire, ndipo ndinalakalaka akanangondimenya mbama. A bwana ang'ono ndi akomiti anagwirizana kuti ndilipe ng'ombe imodzi, kampani ilipe ziwiri, ndipo ndisadzakhudzenso mgolo. Anandilanda makiyi a shedi n'kundipatsa a pageti.

Zaka za pageti

Ndinakhala mlonda wa masana zaka zisanu ndi chimodzi mpaka kupuma. Pageti mgolo umamveka bwino. Ndinkaumva ukuyamba, ndisanafike n'komwe pakati pa chigawo chachiwiri, wazima. Ulendo uliwonse chimodzimodzi, tsiku lonse, ndipo ng'ombe sinafenso ngakhale imodzi. Che Amidu anamaliza sukulu yake, anayamba kuitanidwa ku Blantyre ndi ku Lilongwe kukaonetsa timipira take, ndipo anagula galimoto. Ine ndi amene ndinkamutsegulira geti. Mmawa uliwonse ankatsitsa galasi n'kunena kuti, "Achimwene, mwadzuka bwanji?" Nkhani ya Lachisanu lija sanaitchulepo ngakhale kamodzi. Ndinkayankha kuti ndadzuka bwino, n'kumuona akukaimika galimoto pamthunzi.

Inu munali kusukulu zogonera komweko pamene izi zinkachitika. Mutabwera pa holide n'kupeza bambo anu atavala yunifolomu ya ulonda, munafunsa, ndipo ine ndinangoti, "Kompyuta ya Che Amidu." Sindinaname, koma ndinakusiyani kuti mumalize nokha bodzalo. Amayi anu ndinawaletsa kulankhula. Ndinkakuonani mukumulambalala munthuyo pamsika wa Njuli. Iwe Tereza unakana kumuitana pa ukwati wako, ndipo mbale zimene anatumizabe unazipereka kwa anthu. Iwe Yohane unamuuza mwana wake pamaso pa anthu kuti bambo ake anadyera bambo ako masuku pamutu. Zonsezi ndinkazimva, ndipo zinkandikomera. Pa zinthu zonse za padziko, chimenechi chokha ndi chimene ndinali nacho iye alibe: ana awiri okhulupirira kuti wabwino ndine.

Mwezi watha ndinamva kuti Che Amidu wadwala sitiroko, dzanja limodzi silikugwira ntchito ndipo kulankhula kukuvuta. Mukamaliza kuwerenga apa, mugule shuga ndi nkhuku, mupite ku Njuli nonse awiri, mukagwade. Mukamuuze kuti mwadziwa amene anakusungirani sukulu. Musachedwe, matenda amenewa sadikira munthu.

Akakafunsa za ine, mukanene kuti ndili bwino. Koma musanditenge. Ndayesa kawiri kukwera kabaza, ndipo kawiri konse ndatsikira panjira, chifukwa ndikudziwa kuti akandiona adzayesetsa kudzuka pamphasapo kuti andipatse mpando.